Tsiku Limene Hutala Anamaliza Mpweya wa Sitima

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale ndi inu nonse amene muwerenge mawu awa, makamaka inu amene lero mwapanikizika, mukuyang'ana uku ndi uku osaona potulukira. Ine ndine Mbewe, mkhristu wamba wa kuno ku Nkhata Bay, ndipo mutu wanga tsopano wayera. Ndikufuna kuchitira umboni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kutengedwa kupita kundende popanda kuzengedwa mlandu, m'masiku aja a chipani chimodzi, pamene munthu ankatuluka m'nyumba m'mawa n'kusamvekanso. Mlandu wanga unali wa mpweya. Adzukulu anga akamva zimenezi amaseka, koma tsiku limenelo panalibe woseka.

Kwathu ndi ku Dedza. Ntchito ya m'sitima ndiyo inandibweretsa kuno, ndipo ndinakwatira mkazi wachitonga, Nyamhone, n'kumanga nyumba kumtunda kwa msika. Pa nthawi imene ndikunenayi ana athu anali aang'ono, womaliza akadali kumsana. Ndinkagwira ntchito m'chipinda cha injini cha sitima ina ya katundu imene inkayenda m'madoko a nyanja yathuyi. Injini ya sitima siilizidwa ndi kiyi ngati ya galimoto. Ndi yolemera kwambiri, ndipo chimene chimaikankha kuti iyambe kuzungulira ndi mpweya wopanikizidwa. Mpweyawo tinkausunga m'mabotolo awiri achitsulo, aatali kuposa munthu, ndipo makina oupopera m'menemo ndiwo kompuresa. Ntchito yanga inali imeneyo: kusamala kompuresa, kukhetsa madzi amene amadikha pansi pa mabotolo, ndi kuyang'anira singano ya geji yoonetsa kuchuluka kwa mpweya kuti isatsike. Mabotolo akauma, sitima ndi mtembo, ngakhale matanki atadzaza dizilo mpaka pakamwa.

M'nyengo imeneyo kompuresa yathu yaikulu, yoyendera magetsi, inali itafa. Kachitsulo ka mu valavu, chotsegula ndi kutseka njira ya mpweya, kanasweka, ndipo kena tinali tikukayembekezera kuchokera kunja. Tinkadalira kompuresa ina yolumikizidwa ku injini, imene imapopa pokhapokha injiniyo ikuyenda. Ndiye kuti tikaima padoko, mpweya umene tafika nawo unali womwewo wonyamukira. Ndinkausunga ngati mbewu m'chaka cha njala. Botolo limodzi tinkaligwiritsa ntchito, linalo ndinkalitseka zolimba kuti likhale chiyembekezo chathu. Koma pali chinthu chimene anthu a pamtunda sachidziwa: hutala wa sitima, uja amalira mpaka kumveka kumapiri, amayamwa m'mabotolo omwewo.

Tinakocheza pa doko la kuno ku Nkhata Bay m'mawa wina wotentha, mvula isanagwe. Tisanamalize kutsitsa matumba, kunabwera lamulo lakuti sitima yathu inyamule amayi ovina kupita nawo ku msonkhano waukulu wa chipani kumpoto, chifukwa malole anachepa. Posakhalitsa doko lonse linadzaza amayi atavala nsalu za chipani, ng'oma zikulira, ana ali kumsana. Wotsogolera ulendowo anali mkulu wina wa chipani amene tonse tinkangomutchula kuti a Tcheya. Iwo anakwera mpaka kumene kumakhala akaputeni, anaona chingwe cha hutala, ndipo analamula kuti alizidwe kuti boma lonse limve kuti mbumba ikunyamuka. Anagwira chingwecho okha. Hutala akalira, mapiri ankayankha, amayi n'kululutira, ndipo a Tcheya ankakokanso mosangalala.

Ine pansi ndinkaona singano ikugwa. Ndinathamangira kwa injiniya wamkulu, amene tinkamutcha a Chifi, ndi kuwauza kuti mpweya ukutha. Anandiyang'ana, anayang'ana kumwamba kumene kunkachokera phokosolo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Kawauze ndiwe." Sindinapite, iwonso sanapite, ndipo akaputeni amene anaima pafupi ndi chingwecho sanawaletse a Tcheya. Hutala atayamba kusasa mawu, anatsika mmodzi wa anyamata a chipani, chibonga chili m'manja. Anati, "A Tcheya akufunsa kuti lipenga likufookeranji. Kodi kunoko kuli wina amene sakukondwa?" Abale, mawu amenewo m'masiku aja anali okwanira kuphetsa munthu. A Chifi anandiuza kuti nditsegule botolo lachiwiri. Ndinalitsegula ndi dzanja langa, ndikudziwa bwino lomwe chimene chidzatsatire.

Nthawi yonyamuka itakwana, a Chifi anakoka chitsulo cholizira injini. Injini inangousa moyo, kugwedezeka pang'ono, n'kuima. Anayesanso, ndipo inangotulutsa kamphepo ngati munthu wotsirizika. Pamwamba ng'oma zinaleka imodzi imodzi.

A Tcheya anatsika makwerero ndi anyamata awo, n'kufunsa kuti woyang'anira mpweya ndani. A Chifi anandiloza ndi chibwano. Kenaka linabwera funso limene linanditsekera mu msampha: "Mpweya wapita kuti?" Ndikanati wathera mu hutala, ndiye kuti ndanena pamaso pa mboni kuti a Tcheya ndiwo apha sitima, ndiponso kuti kulemekeza chipani ndi kuwononga. Ndikanati sindikudziwa, ndiye kuti ndikubisa chiwembu. Ndikanati unadontha wokha, likanakhala bodza pamaso pa Mulungu, ndipo bodzalo silikanandipulumutsa, pakuti akanafunsa kuti unasankhiranji kudontha tsiku la msonkhano. Khomo lililonse limene ndinkaliyang'ana linkatsegukira kundende. Ndinakhala chete ngati nkhosa pamaso pa oimeta.

"Mwaona?" anatero a Tcheya kwa anyamata awo. "Zigawenga zina zimabisala m'nkhalango, zina m'mainjini."

Akaputeni anakumbutsa kuti pakona pali kakompuresa ka pamanja, kosungira tsiku la tsoka. A Tcheya anakayang'ana, nagamula kuti amene wathetsa mpweya aubweze yekha, ndipo aliyense womuthandiza adziwika kuti ndi mnzake m'chiwembucho. Anati dzuwa likapendeka sitima ikadali padoko, galimoto ikundidikira pa geti. Anaika anyamata awiri pamwamba pa makwerero kuti ndisatuluke, a Tcheyawo n'kupita kukakhala pamthunzi.

Kakompuresa kameneko kali ndi mpini wachitsulo wautali, umene umaukweza ndi kuutsitsa. Ukapopa kamodzi, mpweya umene umalowa m'botolo sungadzaze ndi chikho chomwe. Ndinkadziwa kuti ndi ntchito ya gulu la amuna olandizana, osati ya munthu mmodzi. Koma anzanga onse a m'chipinda cha injini anapeza mwadzidzidzi ntchito zina kutali ndi ine. Sindiwaweruza, nawonso anali ndi ana. Ndinavula malaya n'kuyamba kupopa. M'chipindamo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa, fungo la dizilo likutsamwitsa, ndipo kumwamba ndinkangoona kachigamba kakang'ono ka thambo pa zenera la padenga. Matuza anatuluka m'manja, anaphulika, mpini unayamba kuterera ndi magazi. Ndikayang'ana geji, singano inali pomwe ndinaisiya, ngati yokhomedwa ndi msomali.

Maganizo anga anapita kunyumba. Ndinkadziwa chimene chinkachitikira banja la munthu wotengedwa. Anansi ankasintha njira yopita kuchitsime kuti asadutse pakhomo pake. Ana ake ankakhala okha pabwalo la sukulu. Ngakhale kutchalitchi dzina lake silinkatchulidwa m'pemphero, tinkangoti tipempherere onse amene ali m'mavuto, aliyense n'kuyang'ana pansi. Ndinaona Nyamhone akuyenda ofesi ndi ofesi kufunsa kumene ndili, aliyense akumuuza kuti sakundidziwa.

Ndinapemphera, koma mawu anandithera. Ndinatsala ndi awiri okha: ndikatsitsa mpini ndinkati "Ambuye", ndikaukweza ndinkati "chifundo". Ndinakumbukira mneneri uja amene anafuula ali m'mimba mwa chinsomba, ndipo ndinati m'mtima, iye anamezedwa chifukwa chothawa, nanga ine ndathawa chiyani? Ndinamuuza Mulungu kuti, Inu munauzira mpweya m'mphuno mwa munthu wadothi nakhala wamoyo, ine ndikupempha wa botolo limodzi lokha. Kumwamba kunali zii. Dzuwa litafika pamutu mikono inakana, ndipo ndinagwa chafufumimba pa zitsulo zotentha za pansi. Pamenepo ndinapempha chinthu chimene sindinapemphepo: kuti mtima wanga ungoima pomwepo, kuti mkazi wanga akhale ndi manda oti aziwalozera ana.

Ndili chigonere, ndinamva mkangano pamwamba pa makwerero, ndipo mawuwo ndinawazindikira. Anali Anyachirwa, mtsogoleri wa amayi a chipani m'boma muno, mayi wamtali, wa mawu ngati a mwamuna. M'nyumba mwathu dzina lawo tinkalitchula monong'ona. Ndiwo ankaima pakhomo la msika kufunsa makhadi a chipani, ndipo tsiku lina anabweza mkazi wanga ndi dengu lake la usipa chifukwa khadi analiiwala kunyumba. Nditamva kuti ndi iwo, ndinati basi, abwera kudzandilavulira.

"Amayi, kuno akazi salowa," anatero mmodzi wa anyamata aja.

"Iwe, ndinakusambitsa ine uli ndi chipere m'mutu. Choka ndidutse."

Anatsika, nsalu ataigwira m'manja kuti isakhudze zitsulo. Anaima pamutu panga n'kunena kuti, "Ada Mbewe, pamwambapa ana akupsa ndi dzuwa, madzi akumwa atha. Sitima inyamuka liti?" Ndinadzuka n'kuwayankha zoona, kuti ndi mikono yanga yokha siinyamuka lero kapena mawa. Anayang'ana manja anga nthawi yaitali. Kenaka anagwira mpini uja, anaukweza, anautsitsa, anaukwezanso, n'kuseka mokweza.

"Mwe! Ichi n'chimene chagonjetsa amuna a sitima yonse? Si munsi uwu?"

Ndinawachenjeza kuti a Tcheya aletsa, ndipo wondithandiza aliyense awerengedwa ngati chigawenga. Anati, "A Tcheya analetsa amuna. Ife ndi mbumba, tili ndi mwini wake." Anakweza mutu n'kuyamba kuitana amayi mayina awo m'Chitonga.

Apa panachitika chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira ndimaseka misozi ili m'maso. Nsalu za chipani zinali ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, imene munthu sakanayerekeza kuidetsa ndi girisi. Choncho mayi aliyense asanatsike ankavula nsalu yake yapamwamba, kuipinda bwino, n'kuisanjika m'manja mwa anyamata olondera aja, iye n'kutsala ndi chitenje chakale cha mkati. Anyamatawo sakanakana kulandira, ndipo sakanayerekeza kuika nsaluzo pansi. Zibonga anazisiya. Anaima pamenepo atanyamula mulu wa nsalu mpaka pachibwano, osatha kuletsa munthu, amayi akudutsa pakati pawo.

Abale anga, amayi a kuno anakulira pa mtondo wa chinangwa. Anagwira mpini uja awiriawiri, wina uku wina uku, ndipo mmodzi anayambitsa nyimbo ya pamtondo, ena n'kuvomera. Awiri akatopa, ena ankalowa mpini usanaime, monga amachitira polandizana munsi. Ine ndinkathira madzi pa kompuresa kuti isapse, ndi kukhetsa madzi a m'botolo. Chipinda chimene chinali manda anga chinadzaza nyimbo, thukuta ndi chipongwe. Mayi wina wachikulire anandikodola n'kunena kuti, "Ada, lero takusinjirani ife. Musakamuuze Nyamhone, angatichitire nsanje." Ndinayesa kuseka koma kunatuluka kulira. Nditapukuta maso n'kuyang'ana geji, singano inali itachoka pamalo pake.

Mpweya ukamachuluka m'botolo, mpini umalimba. Nyimbo inayamba kuchedwa, amayi anayamba kugwira atatuatatu, ena akukwera pamwamba kukayamwitsa n'kubwereranso. Dzuwa linali litayamba kupendeka pamene singano inafika pa kamzere kotsikitsitsa kamene injini ingalirire. Pamwamba pa apo mikono ya munthu sikanapitirira. Unali mpweya woyesera kamodzi kokha. Injini ikanakana, zonse zikanathera pomwepo, ndipo amayi amenewa sakanathanso kuyambiranso.

Pamenepo a Chifi anatulukira. Sanandiyang'ane kumaso. Anatenga chitsulo chachitali, anazunguza gudumu la injini pang'onopang'ono mpaka linaima pamalo abwino oyambira, n'kukaima pa chitsulo cholizira. Ndinapempha kuti tiyambe tapemphera. Anyachirwa anati, "Pempherani msanga, ada, mikono yatha." Ndinagwada n'kunena kuti, Ambuye, mpweya uwu si wanga, ndi wa amayi awa, musauchititse manyazi. Ndinatsegula valavu. A Chifi anakoka. Gudumu linazungulira kamodzi molemera, linazungulira kachiwiri, linachita ngati likuima, ndipo moyo wanga unaima nalo. Kenaka injini inatsokomola, inatsokomolanso, n'kugunda. Zitsulo za pansi zinanjenjemera, kompuresa ya pa injini inayamba kupopa yokha, ndipo nthungululu za amayi zinaposa hutala.

Koma msampha unali usanatseguke. A Tcheya anatsika, ndipo atamva injini ikuyenda analamula anyamata kuti anditengebe kupita ku galimoto, kuti ndikafotokoze bwino kumene ndikupitako. Anyachirwa anaima pakati pa ine ndi makwerero, girisi ali mpaka m'zigongono.

"A Tcheya, munthuyu mwamufunsa kumene mpweya unapita, wakhala chete chifukwa cha ulemu. Ine ndikuuzani. Tonse tinamva hutala akulira mpaka kusasa ngati tambala wa chimfine, ndipo tonse tinaona amene anagwira chingwe. Mukamutsitsa m'sitima muno, ine ndikafika kumsonkhano ndikanena ndekha kwa eni ake, pamaso pa anthu, chimene chinapsetsa mbumba yawo ndi dzuwa. Mukamusiya, mukanene inuyo kuti amayi a ku Nkhata Bay analiza sitima ndi manja awo kuti asaphonye msonkhano. Sankhani nkhani imene mukufuna kuti ikafike."

Mawu amene akanandiphetsa ine, Mulungu anawaika m'kamwa mwa munthu mmodzi yekha padoko lonselo amene akanawanena n'kukhala ndi moyo. M'masiku amenewo panalibe mwamuna, ngakhale wa udindo, amene sankaopa kunenezedwa ndi amayi a chipani. A Tcheya anayang'ana amayi aja, amayi anawayang'ananso osaphethira. Anakonza kolala ya malaya awo, nanena kuti nthawi yatha, zingwe zimasulidwe. Anakwera makwerero osandiyang'ananso.

Sitima itayamba kuchoka, a Chifi anandiuza kuti ndikwere pamwamba ndikapume mphepo. Nditafika, ndinaona pa geti galimoto ija, ndipo pambali pake panaima mkazi wanga, mwana kumsana, bulangete lopinda lili pamutu. Mbiri inali itamupeza kumsika, ndipo anabwera ndi chimene akazi ankabweretsera amuna awo otengedwa. Maso ake anali pa jete, potsikira anthu a m'sitima, akudikira kuti andione ndikutsitsidwa. Ndinakuwa, koma injini inameza mawu anga. Ndinavula chisanza chimene ndinamanga pa dzanja n'kuchikupiza m'mwamba mpaka anandiona. Anatula bulangete lija, nakhala pansi pafumbi pomwepo, manja ali kumaso.

Patapita masiku tinabwerera, ndipo palibe anandifunsanso za mpweya. Ndinakumana ndi Anyachirwa pakhomo la msika, ali pa ntchito yawo ya masiku onse. Ndinavula chipewa n'kuwathokoza m'Chitonga kuti, "Yewo ukongwa, ama." Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, nati, "Khadi muli nalo, ada?" Ndinawaonetsa, anandilola kudutsa. Sitinakambiranenso za tsiku lija mpaka anamwalira, ndipo pamaliro awo ndinanyamula nawo bokosi.

Sindikudziwa chimene chinali mumtima mwawo pamene ankatsika makwerero aja. Mwina anali ana olira ndi dzuwa, mwina anaopa kuti msonkhano ukawaphonya adzayankha ndi iwo, mwina anali manja anga. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Mulungu amene anadyetsa mneneri wake ndi makwangwala safunsa ife kuti atume yani. Ine ndinkayembekezera mngelo, kapena mnzanga wa m'pemphero. Iye anatuma munthu amene ndinkamuopa, ndi khamu la amayi otopa amene nawonso sanabwere padokopo mwa kufuna kwawo.

Tsono ndikuthokoza Ambuye Yesu amene anamva mawu awiri a munthu wogona pa zitsulo. Ndikuthokozanso amayi aja, ambiri a iwo anagona kale, amene mayina awo sindinawadziwe onse. Ndipo kwa iwe m'bale wanga, mlongo wanga, amene lero ukupopa wekha singano osasuntha, amene kulankhula kukuphetsa ndipo kukhala chete kukuphetsanso, ndikuti usanene bodza kuti udzipulumutse, ndipo usaleke kuitana. Ngakhale mikono ikane, ngakhale pemphero lako litsale mawu awiri, Iye sagona. Ukamva mapazi pa makwerero usafulumire kunena kuti ndi imfa.

Galimoto ija inabwerera yopanda munthu, ndipo ana anga anakula akundiona. Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.